Bodi ya Mipata Isanu ndi Itatu

Kompyuta yanga yoyamba inali yotayidwa. Ku ofesi kumene ndinkagwira ntchito ya utaipisiti atagula zatsopano, abwana anandilola kutenga yakale, chibokosi cholemera ngati thumba la simenti, cha sikirini ya zilembo zobiriwira. Ndinaikweza minibasi mpaka ku Chilomoni, kwinako n'kusenza pamutu, poti kwathu kunali kumtunda kosafika galimoto. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndili ndi ana awiri, ndikusunganso bambo anga.

Bambo anabadwira ku Nsanje. Anabwera ku Blantyre asanakwatire, nagwira ntchito ya ukalaliki mpaka maso anayamba kuchita khungu. Kulemba kutawakanika, anayamba kuuza ine. Loweruka lililonse masana ankakhala pafupi ndi zenera n'kumafotokoza za kwawo: ndani anabereka ndani, momwe mudzi unasamukira madzi atasefukira, nyimbo zimene amayi awo ankaimba posinja mapira. Iwo ankayankhula Chisena, ine n'kumalemba, ndipo ndikapotoza liwu ankagogoda pansi ndi ndodo. Tinalemba chaka ndi theka. Zonse zinali mu disiki ya m'kati mwa kompyutayo, chifukwa polowetsa madisiki apadera panali patafa kalekale, ndipo pulinta ndinalibe. Ndinkangoti ndidzasindikiza.

Tsiku lina mu Januwale kunagwa mphezi tisanazule pulagi. Nditayatsa, fani inalira bwinobwino koma sikirini inangoti bii.

Mnzanga wa ku ofesi anandilozera mmisiri wina ku Ndirande, bambo wachikulire wa Chisilamu amene ankakonza mawailesi, ndipo anali atayamba kugwirako makompyuta. Bambo anakana kutsala.

"Mawu ali m'menemo ndi anga," anatero. "Ndipita nawo."

Ndinaika khadi la chipani m'kachikwama, poti popanda ilo kudutsa kumsika kunali kovuta, ndipo tinanyamuka, bokosi nditalikulunga mu chitenje.

Shopu ya mmisiriyo inali kachipinda konunkha mtovu wosungunula, mawailesi atasanjikizana mpaka kudenga. Mmisiriyo anapatsa bambo mpando wokhawo umene unalipo. Asanagwire chilichonse anasuzumira panja, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti m'makinamo munali zolemba zanji. Masiku amenewo munthu ukakhala ndi makina olembera pakhomo anthu ankakuyang'ana kawiri.

"Mayina a anthu akufa," bambo anayankha, "ndi nyimbo za amayi anga."

Mmisiriyo anamwetulira, natsegula bokosi. Anandionetsa chibodi chobiriwira chogona pansi pake, chimene zinthu zina zonse zinalumikizidwako. Anati chimenecho ndiye mazabodi, ndipo chapsa. Analoza kadontho kakuda pafupi ndi polowera magetsi.

"Nanga disiki?" ndinafunsa.

"Ikuoneka yamoyo, mayi. Koma disiki yamtundu uwu ndi yamakani. Imangomvana ndi khadi yake iyi basi." Anazula kakhadi kafupi kamene kanali kataima pa bodipo. "Mukailekanitsa ndi khadi imeneyi, zonse zili m'menemo zathera pomwepo."

Anatulutsa mabodi awiri mu kabati, amene mphwake woyendetsa thiraki anawabweretsera kuchokera ku Joni. Ina inali yaing'ono, yatsopano, yonyezimira. Anailumikiza pa tebulo kuti ndione, ndipo zilembo zinathamanga pa sikirini mwakuti maso anga sanathe kuzitsata. Ndinaikhumbira. Ndinali ndi maganizo oyamba kabizinesi kolembera anthu makalata ndi makhadi a ukwati, ndipo ndinadziona kale ndikumaliza ntchito ya tsiku lonse m'mawa umodzi.

Kenako anatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kuwerenga mipata yozikamo makhadi. Yatsopanoyo inali nayo itatu yokha.

"Umodzi wa sikirini, wina wa disiki, wina wa pulinta mukadzagula. Yatha. Mawa mukafuna kuwonjezera kanthu muchita kuzula china. Ndiponso bodi iyi ili ndi njira yakeyake yoyankhulira ndi disiki. Ndinayesapo khadi ngati yanuyi pa inzake, zinakanganirana mpaka ndinagonja."

Bodi inayo inali yaikulu, yogwirapo kale ntchito, ya fumbi m'makona. Mipata yake inali isanu ndi itatu, iwiri mwa iyo yaifupi, yofanana ndendende ndi khadi yanga. Anati liwiro lake n'lochepa poyerekeza ndi inzakeyo, koma ilandira zonse zakale: khadi ya disiki, ya sikirini, ngakhale kiyibodi, bola kusuntha kaswitchi kapansi pake. Sanandilonjeze kuti zitheka. Anangoti apa ndiye pali mwayi.

Bambo anamvetsera zonsezi atatsamira ndodo yawo. "Mwanawe, tenga yothamangayo," anatero. "Ntchito yako ili kutsogolo. Zangazo ndinenanso, pakamwa ndikadali napo."

Panali chinthu chimene ndinali nditaona koma osauza munthu. Miyezi yapitayo ankati akayamba nkhani amaima pakati, kufunafuna dzina limene chaka chatha ankalitchula osaganiza. Kawiri konse ndinachita kuwawerengera zimene ananena okha kuti akumbuke.

"Yaikuluyo ndiye ndaikonda, bambo," ndinatero. "Mipata ndi yambiri. Ndidzaikamo zinthu zambiri."

Mmisiriyo anandiyang'ana, nayang'ananso bambo, ndipo anabweza yatsopano ija mu kabati. Anati tibwere Loweruka, poti Lachisanu amatseka msanga kupita ku mzikiti.

Loweruka tinapeza bokosi lili chitsegukire pa tebulo. Anali ataboola mabowo awiri atsopano pansi pake kuti bodiyo ikhale bwino, ndipo anati sanafune kuyatsa disikiyo eni ake kulibe. Atadina switchi, disiki inayamba kulira kulira kwake kwa masiku onse, ngati kamphero kakang'ono kakuzungulira. Tinadikira. Mayina a mafailo anatuluka mmodzimmodzi, onse. Ndinatsegula yoyamba n'kuwerenga mokweza, kunja ogulitsa makala akuitanira malonda. Bambo anamvetsera atatseka maso. Nditafika pa mzere wachitatu anagogoda pansi.

"Ayi, sanena choncho. Kokera liwulo."

Mmisiriyo anaseka mpaka anavula kofia.

Khadi ya pulinta ndinaika patatha miyezi inayi. Kenako ndinawonjezera ina ya madisiki apadera, ndipo kabizinesi kaja kanayamba, pang'onopang'ono monga mwa liwiro la makinawo. Choyamba kusindikiza chinali nkhani za bambo. Pulinta inakhala ikulira masana onse, ana atatseka makutu. Bambo anagwira mpukutu wa mapepalawo, kuupimapima kulemera, nalamula kuti ena titumize kwa mlongo wawo ku Nsanje.

Patapita milungu itatu kunabwera kalata. Azakhaliwo anathokoza m'mizere iwiri, kenako masamba atatu onse anali otsutsa. Ankati agogo aakazi sanali mwana woyamba koma wachitatu, ndipo galu amene anapulumuka pa madzi osefukira aja anali wawo, osati wa bambo. Ndinawerenga kalatayo kawiri chifukwa bambo anandipempha kutero. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti za agogozo tikonze, koma za galu ndisasinthe ngakhale chilembo chimodzi.