Wojambula Wosadziwika

Ndinaganiza zopita ku London chaka chimene bambo anamwalira. Unamwino wanga ku Zomba sunkatidyetsa, ndiye nditamva kuti kumeneko akufuna anthu osamalira okalamba, sindinachedwe. Tsiku lonyamuka mayi anatsitsa pakhoma chithunzi chimodzi chimene bambo anajambula ndi penti pathabwa, cha azimayi atatu akupeta mpunga. "Tenga, uzikawakumbukira bambo ako," anatero. Bambo anajambula moyo wawo wonse, koma ife tinkaziona ngati masewera chifukwa penti sinkagula ndiwo.

Ku Lewisham, dera lina la London, ndinkakhala m'kachipinda kongokwana bedi ndi sutikesi. Kusambitsa agogo a eni, kukwera basi, kugona, kudzuka, moyo wake womwewo. Pafoni aliyense ankayamba ndi "muli bwanji" n'kumaliza ndi "tatumizaniko kangachepe." Ndinkasungulumwa koopsa. Amene sankandipempha kanthu anali azimayi a pathabwa aja basi.

Chaka chachinayi mayi anafunika opaleshoni ya maso, ndipo zimene ndinasunga zinaperewera. Ndinakulunga chithunzi chija m'chitenje n'kupita nacho kunyumba ina ya okushoni chakufupi ndi Greenwich. Mzungu wina wa tayi anachiyang'ana, mphindi ziwiri sizinakwane. Anafunsa kuti anajambula ndani. Ndinati, "Bambo anga." Kwathu mwana satchula dzina la bambo ake ngati akuitana mnzake wosewera naye, ndipo iye sanafunsenso. Dzinalo linali kuseri kwa thabwa, kumene bambo ankalemba nthawi zonse, koma sanatembenuze n'komwe. Analemba kuti wojambula ndi wosadziwika, zoterezi n'zogulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu, mtengo mapaundi 80. Ine chitsiru ndinamuthokoza mpaka kupinda maondo. Chithunzicho chinagulidwa pa mtengo womwewo.

Patatha miyezi ingapo, mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Woolwich anandionetsa foni yake. "Asisi, dzina ili si la bambo anu?" Chinali chithunzi chomwe chija, dzina la bambo lonse pansi pake, chitagulitsidwanso kwina pa mtengo woti ine ndingasambitse agogo zaka ziwiri osaupeza. Amene anachigula ku Greenwich uja anangochitembenuza.

Ndinapita kwa loya. Anandiuza kuti wa okushoni akhoza kulipitsidwa akaika mtengo mosasamala, koma lamulo limamuyerekeza ndi anzake ogulitsa mipando ndi mbale zakale, osati ndi akatswiri a zojambula za ku Africa. Kenako anafunsa, "Nanga dzinalo munamuuza?" Ndinavomera kuti sindinamuuze. Anati mlandu ulipo koma ndi wofooka, ndipo ndikaluza ndidzalipiranso loya wa mbali inayo. Ndinausiya. Munthu wachita ulesi pa ntchito imene amadyera, koma wolakwa n'kukhala ine chifukwa cha ulemu umene anandiphunzitsa kwathu. Mpaka lero ndikakumbukira tayi ija chakudya sichilowa.

Ndinabwerera ku Zomba chaka chatha, msana utatha. Mayi akuona tsopano, chimenecho ndimathokoza. Nditawafotokozera za chithunzi chija sanandikalipire, anangoti, "Kani anali a mtengo bambo ako?" Ndinafunsa za zithunzi zina zimene zinatsala, chifukwa ndinasiya zambiri. Mlongo wanga Yohane ananditengera kuseri kwa nyumba. Thabwa limodzi linali chitseko cha khola la nkhuku, ena anatchingira bafa. Penti yonse inasuluka ndi mvula.

"Anali matabwa abwino, achemwali, osafumbwa," anatero.

Ndinatembenuza chitseko chija, dzina la bambo linalipobe. Zaka zonsezi ndinkatukwana mzungu amene anayang'ana mphindi ziwiri. Ife tinayang'ana zaka makumi atatu, ndipo mtengo umene tinaika ndi wa chitseko cha nkhuku.