Mpanda wa amake Taonga unandigoneka

Chizindikiro choyamba chinali kuphwanya kwa thupi. Linali Lolemba kumayambiriro kwa Juni, ndili m'sitima kuchokera ku Hyattsville, kuno kunja kumene timakhala, kupita kuntchito. Pofika Lachitatu thupi linali moto, mutu ukuwawa, mawondo olemera. Ine wokulira ku Nkhotakota malungo ndimawadziwa, choncho ndinangomwa mapilisi amene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi. Palibe chinasintha.

Apa ndiulule za mpanda. Pafupi ndi ife pamakhala amake Taonga, mayi wa ku Chipata amene timapemphera nawo limodzi. Kutsogolo kwa nyumba yawo anadzala zitsamba za m'mbali mwa nyanja yamchere, zimene kuno amati groundsel, za mtundu umodzi ndi chisoso chathu. Siziopa dothi loguga kapena mchere umene amathira mumsewu nthawi yachisanu, ndipo mu Okutobala zimayera mbee ngati munda wa thonje. Anzathu a kutchalitchi ankajambulitsa pamenepo, magalimoto ataimika pakhomo panga. Ngakhale amuna anga anati, "Koma amake Taonga ali ndi dzanja." Ine maluwa anga akupsa ndi mchere chaka ndi chaka! Mtima unkandiwawa, sindinama.

Kupempha mbande? Ine? Ayi ndithu. Mu Meyi ndinapita mwakachetechete kumalo a mnzanga wa kuntchito m'mbali mwa nyanja ya Chesapeake, n'kulowa m'udzu wofika m'chiuno nditavala chitenje ndi masilipasi. Ndinakumba mbande zisanu n'kudzazidzala kuseri kwa nyumba, kuti amake Taonga asazione zisanakule.

Ndinadwala milungu itatu ndikulimba mtima. Lamlungu lina m'mawa tiyi anayamba kutayikira pakona ya mlomo, ndipo diso lakumanzere linakana kutseka. Amuna anga anali kuntchito. Amake Taonga atabwera kudzanditenga kuti tipite kutchalitchi, anangoti, "Amake Chisomo, nkhope yanu yapotoka. Tiyeni manje manje."

Kuchipatala china ku Bethesda anandijambula mutu n'kunditenga magazi. Tinadikira mpaka masana, ine ndikuganiza za mayi anga amene sitiroko inawaumitsa mbali imodzi. Adokotala anati si sitiroko, kenaka anafunsa ngati ndinalowako m'tchire posachedwa. Amake Taonga anali pambali, atandinyamulira chikwama. Ndinati ayi.

Taonani nsanje! Pakamwa pali pokhota, koma bodza linatuluka lowongoka. Mwamwayi namwino anapeza banga lozungulira kuseri kwa bondo, lakuda, losaoneka msanga pakhungu lathuli. Adokotala anafunsanso, nati yankho langa ndilo liwathandize kusankha mankhwala. Ndinaulula zonse, ndikuyang'ana pansi. Anati ndi matenda a Lyme, obwera ndi nkhupakupa yaing'ono ngati kanjere ka fodya. Ine ndinkayesa nkhupakupa n'za agalu ndi ng'ombe.

Ndinamwa mapilisi milungu itatu, kawiri pa tsiku, ndipo diso ndinkalimata pogona. Phala ankandiphikira ndi amake Taonga omwewo. Za mbande sanatchulepo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka. Nkhope inabwerera m'malo mwake mu Ogasiti. Lero ndili bwino, kungoti bondo limandikumbutsa kukazizira.

Okutobala atafika, mpanda wawo unayera monga mwa masiku onse. Zanga zinangotulutsa timaluwa tachikasu n'kufota. Amake Taonga anadzaziona nati, "Izi n'zamphongo zonse, amake Chisomo. Zimene zimayera n'zazikazi. Ine mbande ndimazula chaka chilichonse n'kutaya, zimamera zokha."

Abale anga, kuno kutentha thupi si malungo nthawi zonse. Mukachoka m'udzu dzisecheni thupi lonse. Mukadwala pitani msanga, ndipo adokotala auzeni zoona ngakhale pali munthu amene mukumuchitira manyazi. Ine ndinatsala pang'ono kupotokeratu nkhope chifukwa cha mbande zimene zinali m'bini ya anansi anga.