Satifiketi m'kabati ya alamu anga

Alamu anga a Luong anatsekera satifiketi ya mwana wanga wamkazi, Quyen, m'kabati, makiyi n'kumayenda nawo m'khosi ngati mkanda. Ndayamba ndi dzina lawo dala, wina asadzati ndimanenera kumbali. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu, koma nkhani ya Quyen ndiilemba, chifukwa ena mwangokhala mukuti zinakukanikani.

Bambo ake ankayendetsa pantoni yowolotsa anthu pamtsinje wathu wa Mekong. Kukagwa chifunga m'mawa ankamenya chitsulo cha njanji ndi nyundo, kuti zombo zina zidziwe kuti kutsogolo kuli anthu. Tsiku lina chombo cha mchenga sichinamve. Chinagunda pantoni, iwo n'kugwera m'madzi, osavuukanso. Quyen anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chitsulo chija ndinachisunga kunsi kwa bedi.

Mayeso olowera ku yunivesite analephera koyamba. Analira tsiku limodzi. Lachiwiri ndinamupatsa mpeni ndi dengu la zinanazi. Chaka chathunthu ankasenda zinanazi papantoni pomwepo, buku lili pamiyendo, masamba onse akumatirirana. Kachiwiri anakhoza. Anatenga digiri, n'kutenganso ina pamwamba pake.

Tsiku lina tikuwoloka anandilozera patsidya.

"Amayi, nsanja ya mafoni ija imatumiza mafunde osaoneka onyamula mawu athu. Mafunde omwewo akagunda chombo amabwerera, ngati mmene mawu amabwererera mukakuwa pansi pa mlatho. Tikaiphunzitsa kumvetsera zobwererazo, nsanja imodzi izilankhulitsa anthu, izionanso zombo m'chifunga. Foni ndi rada pamodzi."

"Ndiye kuti chitsulo cha bambo ako, koma chokhala ndi makutu?"

"Eya! Inu mukanapitiriza sukulu bwenzi mukutisowetsa mtendere."

Yunivesite ina ku Singapore inalengeza malo a kafukufuku wa udokotala pa zomwezo. Anamufunsa mafunso pakompyuta, anamukonda, n'kumuuza kuti abwere ndi satifiketi yeniyeniyo pasanathe masabata atatu, apo ayi malo apita kwa wina.

Satifiketiyo Quyen anali atakaiika paguwa la makolo kwa a Luong, poti ndiwo aakulu m'banjamo, kuti malemu bambo ake aione. Atapita kukaitenga anapeza ili m'kabati.

"Sukulu yakwana," anatero a Luong. "Uli ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri! Mnyamata wa eni maiwe a nsomba aja akudikira kuti akukwatire. Udokotala wosabaya jakisoni ndi wa chiyani?"

"Bambo aakulu, chonde."

Anapitako katatu, atanyamula tiyi ndi manja awiri. Ayi ndithu. Kusukulu kwake anati kulemba ina kungatenge miyezi iwiri. Mwana sanakhale pansi. Ankawerengabe, chikwama atalongedza kale.

Ndiye linafika tsiku lokumbukira imfa ya amuna anga. Abale onse anasonkhana kwa a Luong, lubani akufuka, abakha owotcha, mowa wa mpunga. Eni maiwe aja anawaitananso, atawakhazika pamalo aulemu. Ine ndinakweza chitsulo panjinga, ndinachipachika pamtengo wa mango pakhomo pawo, n'kuyamba. Ngo! Ngo! Ngo! Agalu anathawa.

A Luong anatuluka mwendo wa bakha uli m'manja.

"Mlamu, mwapenga? Kunja kwayera mbee, chifunga chili kuti?"

"Chili m'mutu mwanu, alamu. Mng'ono wanu anagundidwa ndi chombo chosamva. Mwana wake simumugunda ine ndilipo."

"Mukundichititsa manyazi pamaso pa alendo!"

"Mkono wangawu wasenda zinanazi zaka makumi awiri. Sutopa msanga." Ngo!

Amake a mnyamata uja anaika mbale pansi, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

"A Luong, tsegulani kabatiyo tidye mwamtendere. Mtsikana wa amake otere ife sitingamuthe."

A Luong anavula makiyi. Anthu anawomba m'manja, ine ndinadya bakha wawo mpaka kukhuta.

Pano Quyen ali chaka chachiwiri ku Singapore. Mwezi watha anabwera ndi anzake awiri ndi kabokosi kotuwa komvetsera mafunde aja, anakamangirira papantoni m'mawa wa chifunga chenicheni. Pafoni yake panaoneka kadontho kakuyenda. Tinadikira, tinadikira, kenako chombo cha mchenga chinatulukira pomwe kadonthoko kanalozera. Woyendetsa pantoni anali atakhota kale. Ine ndinatembenukira kumadzi, sindinafune andione nkhope.

Sizinathe. Kabokosiko nthawi zina kamaona namasupuni n'kumati ndi chombo. Quyen akuti ndiyo ntchito ya zaka ziwiri zatsalazi. A Luong tsopano amayenda mumsika akuti "dokotala wathu". Wathu! Ndimangowayang'ana m'khosi.

Inu amene munalephera kamodzi, mtima usagwe pansi, bwererani mukalembenso. Amene pepala lanu lili m'kabati ya munthu, pitani kachinayi, ndipo mupite ndi chitsulo. Koma ndikufunsa inu akuluakulu oyenda ndi makiyi m'khosi: mwatsekera mwana wa ndani, ndipo mutsegula liti? Ndiyankheni. Nyundo ndikadali nayo.