A Tikva Anakana Kuonetsa Yerusalemu

Alamu anga a Tikva Mualem anagwira ntchito yoperekeza alendo odzaona malo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zimenezo mabwana anayi anawachotsa ntchito. Vuto linali pakamwa. Mlendo akafunsa funso lopusa ankamuyankha bwinobwino, koma bwana akalamula zopusa ankamuuza pamaso kuti n'zopusa, basi yonse ikumva, chifukwa maikolofoni ankaiwala kuzimitsa. Ine ndine Karmela, mkazi wa mchimwene wawo Ezra. Ndimagulitsa maolivi ndi achali wa mango mumsika wa ku Ramla, ndipo makomo athu anayang'anizana pansanjika yachitatu, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

A Tikva anabadwira kuno ku Ramla, makolo awo atangotuluka kumene m'matenti momwe anawaika atafika kuchokera ku Baghdad. Sanakwatiwe. Ankati amuna awiri anawafunsirapo, koma onsewo ankafuna mkazi wodya ali chete. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, nyonga yakumanzere inayamba kuwavuta, poti phiri la Masada analikwera maulendo osawerengeka. Bwana wawo wa nthawi imeneyo, mnyamata wa ku Tel Aviv dzina lake Gidi Rotberg, anayamba kuwapatsa magulu mwa apo ndi apo. Kenako unabwera mliri wa korona, ndege zinaima, mabasi anafoleredwa malona.

Gidi sanagone. Anayambitsa maulendo apakompyuta: anthu ali m'nyumba zawo kutsidya kwa nyanja amalowa pamodzi pa intaneti, woperekeza n'kumawaonetsa zithunzi ndi kanema. Anatenga achinyamata okhaokha. A Tikva atamuimbira, anawauza kuti zimenezi n'zofuna manja opepuka ndi nkhope yoti anthu aziyang'ana kwa ola lathunthu. Anamudulira foni, n'kutha miyezi isanu akukolopa nyumba yokolopa kale.

Tsiku lina mu Okutobala ndili kwawo kusenda biringanya, foni inalira. Iwo foni amaiika pa sipika nthawi zonse, kaya ndi dokotala kaya ndi wa magetsi.

"A Tikva, muli bwanji? Ndine Gidi."

"Ndakudziwa. Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira. Mtsikana amene amandiperekezera alendo wadwala korona, ndiye mawa folo koloko masana ndili ndi gulu la ku Toronto, achikulire makumi anayi ndi awiri a sunagoge mmodzi. Akufuna Yerusalemu. Inu mungokhala pampando kwanu, zithunzi ndakonza kale, mawu ndalemba. Chanu n'kuwerenga basi."

"Ndiwerenge Yerusalemu wolembedwa ndi iwe? Iwe amene unasochera pa Chipata cha Yafo n'kumandiimbira ukulira?"

"Sindinalire ine. Mutero kapena ayi?"

"Tumiza."

Atadula anatembenukira kwa ine. "Mlamu, ndodo yako ya mopu ija, yaitali ija, ili kuti?"

M'masiku amenewo lamulo linali lakuti munthu asapitirire mamita chikwi kuchokera pakhomo pake. Ndinawakumbutsa zimenezo, ndinawakumbutsanso za nyonga. Anati fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno, ndipo mamita chikwi a ku Ramla sangathe pa ola limodzi. Mawa lake tinamangirira foni kunsonga ya ndodo ndi tepi yamagetsi ya Ezra, ine ndinanyamula kampando kopinda ndi botolo la madzi, tinatsika masitepe.

Pafoni panadzaza timabokosi, kalikonse ndi nkhope yake. Wina ankadya chakudya cham'mawa, wina ankaoneka khutu lokha, mayi wina anali atakumbatira mphaka. Gidi anawalonjera m'Chingerezi chake chosalala, n'kunena kuti lero ali ndi mwayi woperekezedwa ndi katswiri wakale. Chingerezi changa n'chamumsika, koma zomwe alamu ananena ndinazimva zonse.

"Moni nonse. Anakuuzani kuti mukupita ku Yerusalemu. Basi yafera panjira. Tatsikira pa Ramla, pomwe mwadutsapo kangapo pochokera ku bwalo la ndege, koma munali m'tulo. Tsikani, samalani ndi sitepe."

Ena anaseka. Nkhope ya Gidi inauma gwa.

Tinalowa mumsika wotseka, mwangokhala amphaka okhaokha. Anayenda akutsimphina, ndodo m'mwamba, akutchula chitseko chilichonse ndi mwini wake: uyu wa nsomba anachokera ku Libya, uyu wa zokometsera ndiwo agogo ake anachokera ku Bombay, uyu wophika buledi makolo ake anali pano tonsefe tisanabwere. Pa chitseko changa anaima n'kunena kuti achali wa apa ndi wabwino koma mwini wake ndi waumbombo ndi tsabola. Kenako anawatengera pamalo ena oimikapo magalimoto, pomwe amayi awo ankati ndi pamene panali tenti yawo. Anakhala pakampando kaja. Anafotokoza za bambo awo, amene ku Baghdad anali kalaliki wa ku banki, momwe anatsikira ndege atavala suti yawo yabwino koposa, ndi momwe anawapopera mankhwala ophera nsabwe ali chivalire sutiyo. Zitatero anakhala zaka khumi ndi zisanu akuthyola malalanje m'minda ya eni, ndipo sutiyo sanaivalenso. Wodya uja anasiya kudya.

Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba. Anali Gidi. Uthenga woyamba unali wakuti auzeni abwerere kunyumba. Wachiwiri, wakuti zithunzi za Yerusalemu zili m'foni mwawo. Wachitatu sindingaubwereze. Ndinawaonetsa, iwo anangokweza phewa.

Tinakhotera kumisewu yopanikizika ya pafupi ndi tchalitchi. Pakhonde lam'mwamba panali a Umm Jiries, mayi wachiarabu wachikhristu wa zaka makumi asanu ndi atatu, mnzawo wa alamu kuyambira kalekale. Awiriwa ankalankhulana Chiarabu, koma cha a Tikva n'cha ku Baghdad, ndiye sipankalephera kutonzana.

"Iwe Tikva, wapenga tsopano? Ukukolopa mitambo?"

"Ndili ndi alendo, mayi. Ali m'katimu. Apatseni moni."

"Alendo osamwa khofi ndi alendo anji? Ndipo konza lilime lakolo, ukulankhula ngati watafuna miyala."

A Tikva anatukula ndodo mpaka foni inafika pakhonde, n'kuwapempha kuti awauze alendowo za msewu umenewu. Mayiwo anaganiza pang'ono. Kenako ananena za chilimwe cha 1948, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, pamene pa nthawi ya nkhondo Aarabu ambiri a m'tauni anatulutsidwa ndi asilikali. Banja lawo linali mwa ochepa otsala, ndipo misewu iyi inazunguliridwa ndi waya waminga, potuluka mpaka chilolezo. Amalume awo anapita ndi gulu lotulutsidwalo atanyamula mwana paphewa. A Tikva ankamasulira liwu ndi liwu, osachotsa, osawonjezera.

Bambo wina wa magalasi aakulu anatsegula maikolofoni yake. "Pepani, ife sitinabwerere zandale! Tinalembetsa Yerusalemu. Mayi ameneyu ndani kuti azitinyozera dziko lathu?"

A Tikva anatsitsa ndodo mpaka nkhope yawo inadzaza foni yonse.

"Bambo, dziko limene mukunenalo ine ndimakhalamo. Ndinavala yunifomu yake, ndinaika mlongo wanga wamkulu m'manda ake a asilikali. Mayiwa ali pakhonde pawo, inu ndi amene mwabwera pamsewu wawo. Mwamva za suti ya bambo anga simunadandaule. Pansi pa kabokosi kanuko pali batani lofiira, ndilo khomo la basi. Amene akufuna kutsika atsike, sindigwira munthu malaya."

Timabokosi tinayamba kuzima. Ndinawerenga khumi ndi kamodzi. A Tikva anatukulanso ndodo, n'kufunsa a Umm Jiries kuti amalume aja anakafika kuti. Mayiwo atangotsegula pakamwa, Gidi anatseka msonkhano wonse. Alamu sanazindikire, anapitiriza kumasulira kwa foni yakuda mpaka ndinawagwira pamkono. Tisanafike n'kunyumba komwe, uthenga wowachotsa ntchito unali utafika. Anauwerenga ataima pamasitepe, akupumira m'mwamba, n'kunena kuti mnyamatayu ngakhale kalata yochotsa munthu satha kulemba.

Patapita masiku atatu, kunabwera foni ya nambala yachilendo. Anali mayi wa mphaka uja, a Perla Waxman, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi. Nambala anaipeza povutitsa mlembi wa sunagoge wawo.

"Amalume aja anakafika kuti? Ananditsekera ndisanamve, ndipo sindikupeza mtendere."

"Ku Amman. Anafera komweko."

"Chabwino. Ndili ndi anzanga asanu ndi anayi. Lachiwiri mudzatitengera kuti?"

Panafunika kuti a Tikva aphunzire kutsegula okha msonkhano wapakompyuta. Ezra anati awathandize, anamuthamangitsa. Kwa masiku anayi tinkamva kutukwana m'zilankhulo zitatu kudzera pakhoma, tsiku lachisanu kunali zii, ndiye tinadziwa kuti zatheka. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse folo koloko, ndodo m'mwamba. Lamulo la mamita chikwi litachotsedwa iwo sanasinthe, anati sanamalize. Gulu linakula mpaka kupitirira makumi asanu ndi limodzi. Munalowa a ku Buenos Aires, a ku Marseille, ngakhalenso okalamba a m'nyumba ina yosungira okalamba ku Haifa, amene anavomera okha kuti moyo wawo wonse ku Ramla sanapondeko. Ankakangana ngati ali m'basi yeniyeni, wina kudandaula kuti mnzake akutafuna mokweza.

Mu Meyi chaka chotsatira tauni yathu inayaka. Anyamata a mbali zonse ziwiri, Ayuda ndi Aarabu, anagenda, anaphwanya, anatentha, ndipo anthu amene takhala tikugulitsana nawo tomato zaka zonsezi anayamba kuyang'ana pansi tikakumana. Lachiwiri litafika Ezra anaima pakhomo pa mlongo wake.

"Achemwali, lero simupita."

"Choka apo, Ezra. Matewera ako ndinkachapa ndine."

Anachoka. Mumsika a Tsion ogulitsa nsomba anatitsekera njira, manja ali mamba okhaokha. Anati nyumba ikapsa suitana alendo, tisachititse tauni manyazi pamaso pa dziko lonse. A Tikva anawayankha kuti dziko lonse laona kale moto pa wailesi yakanema, chimene silinaone ndi a Tsion akusesa magalasi pakhomo la wophika buledi m'mawa uno. A Tsion anachita manyazi ngati agwidwa akuba, n'kubwerera ku nsomba zawo. Tsiku limenelo alamu anaonetsa galimoto yowotchedwa ya Myuda ndi sitolo yophwanyidwa ya Mwarabu, zonse ziwiri, aliyense n'kumutchula dzina. Tili pakati, belu lochenjeza za mizinga linalira. Iwo kuthamanga sangathe. Ndinawakokera pansi pa masitepe a nyumba ina, momwe tinapezamo anthu asanu ndi awiri ndi galu. A Perla ankakuwa m'foni kuti zimitsani, dzisamalireni. Alamu anangotembenuza ndodo n'kuyamba kufunsa anthu a pansi pa masitepewo, mmodzimmodzi, kuti agogo awo anachokera kuti.

Chaka chimenecho chisanathe anawachita opaleshoni ya nyonga. Dokotala anati apume milungu isanu ndi umodzi. Anapuma iwiri, yotsalayo ndinkawakankha pa njinga ya olumala, ndodo ataikhazika pakati pa maondo, akundilalatira kuti ndimayendetsa ngati Ezra.

A Umm Jiries anamwalira m'nyengo yozizira yotsatira. Gulu lonse linkawadziwa, ena anali atawatumizirapo makadi a Khirisimasi, ndiye anapempha kuti a Tikva awaonetse mwambo wa maliro. A Perla okha anaimba kawiri.

"Ayi," anatero alamu. "Misewu ndakupatsani, msika ndakupatsani, tenti ya amayi anga ndakupatsani. Awa ndi anga. Maliro si malo oonetsa alendo."

"Koma ifenso timawakonda, Tikva."

"Ndiye yatsani kandulo kwanu komweko."

Foni anaisiya pathebulo la kukhitchini. Anavala zakuda, anatenga ndodo yoyendera, n'kuyenda pambuyo pa bokosi kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, mvula ikuwaza, akukana aliyense wofuna kuwakweza galimoto. Jiries, mwana wa malemuwo, bambo wa imvi, ndi amene anawagwira mkono pokwera kachitunda ka pachipata. Pobwerera sanalankhule, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwire m'banja limeneli. Atafika pansanjika yathu analowa kwanga m'malo mwa kwawo, anavula nsapato zonyowa, n'kundiuza kuti nditereke tiyi.