Mphasa Yachiwiri ya a Felicia

A Felicia a ku Chirimba ankagulitsa thobwa kwa amtengatenga, anthu osenza katundu aja, ndipo sanali munthu wodzidzimuka ndi zilizonse. Nkhondo ya Ajeremani inali itangotha kumene, azungu ena akuyendabe pa machila, galimoto zili zowerengeka m'Blantyre monse. Tsiku lina ali pamalonda awo m'mbali mwa msewu wa ku Limbe, lole ya mmwenye Nooruddin inadutsa ikutsokomola utsi. Atayang'ana pa chiwongolero, chikho chinawapulumuka m'manja. Woyendetsayo anali Aloysius, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene iwo ankadziwa kuti amangosenza mabelo a fodya.

"Mayo ine!" anakuwa a Felicia, manja ali kumutu. "Mmwenye ameneyu alibe ana ake oti awaphe?"

Atafika kunyumba, Aloysius anangoseka. "Amayi, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Mawa ndikupita ku Zomba."

Kumuletsa kunakanika, choncho a Felicia anagwira chimene ankachidziwa. Kwawo, mwana akakhala pangozi, kaya ku uzimba kaya ku chinamwali, makolo ankadika: sankagonera mphasa imodzi mpaka mwanayo atabwerako, kuopa kumudula. A Felicia anali Mkatolika wosajomba ku Misa, koma za mwana wawo sanakafunse wansembe. Anangoyala mphasa yachiwiri kutsidya kwa chipinda.

Amuna awo, a Hilary, mmisiri wa matabwa, anafunsa mwaulemu. "Mpaka liti, amake Aloysius?"

"Mpaka abwereko."

Koma uzimba umatha, lole siitha. Aloysius akachoka ku Zomba, m'mawa mwake ali pa msewu wa ku Thyolo, akachoka uko ali ku Mulanje. Mphasa ija sinapindidwenso. A Hilary anang'ung'udza dzinja loyamba lonse, kenako anangoti zii, ndipo a Felicia ankawatama kuchitsime kuti amuna opirira chotere sapezekapezeka. Malole ena ankagwera m'mitsinje, ena kubwerera chambuyo pa zitunda, koma Aloysius ankabwerako wopanda ndi kabala komwe. Mtima wa a Felicia unakhala pansi, mpaka ananenepa. Ankadziwa amene akumusunga mwanayo.

Patapita zaka zingapo, Lamlungu lina masana, atangochoka ku tchalitchi, pakhomo panafika mayi wachilendo wochokera ku Ndirande. Anali atagwira dzanja kamwana koyenda kale, kokhala ndi makutu a a Hilary enieni.

"Pepani, amayi," anatero mlendoyo atagwada. "Ndatopa nako kubisala. Ndati mwanayu aone kwa bambo ake."

A Hilary anazyolika ngati ataya singano. Anthu oyandikana nawo anayamba kusendera, akuyembekezera kuti musi ugwira ntchito lero. Koma a Felicia sanamuyang'ane n'komwe mayi uja. Maso awo anali pa kamwanako, kamene kanali kakutha kale kunena kuti kakufuna madzi.

"Abambo, munayamba liti?" anafunsa a Felicia.

"Dzinja loyamba lomwe lija," anayankha a Hilary chapansipansi.

"Ndiye mwana wanga wayenda mapiri onsewa wopanda womudikira?"

Nsanje inabwera pambuyo pake, ndipo itabwera a Hilary anaimva bwino, koma tsikulo chimene chinawagwira a Felicia chinali mantha okhaokha. Zaka zonsezo ankagona tulo poganiza kuti moyo wa Aloysius uli m'manja mwawo, pamene unali m'manja mwa mnyamatayo yekha, pa chiwongolero. Ndipo nthawi yomweyo Aloysius anali kwinakwake pa msewu wa ku Mulanje, mvula itagwa dzulo lake.

A Felicia anadzuka, nawasiya alendo ndi amuna awo pabwalo pomwepo. Anatsika mpaka kumsewu waukulu ali chosavala mpango, n'kuima m'matope, akutchera khutu kumene lole imachokera. Panalibenso china choti angamuchitire.