Ababa Anatsala pa Namitete

Ndikangomva fungo la injini yotentha, ndimaona ababa atawerama m'boneti pa Namitete.

Eni magalimoto a pa boma la Mchinji anali ndi kagulu kawo, ndipo tsiku lina anatsogozana ulendo wa ku Salima kukakwera boti kuti akaone mvuu. Ababa sankakamba china chilichonse koma ulendowo. Tsoka ilo, pikapu yathu inawira madzi n'kuzima tisanafike n'ku Lilongwe komwe.

A Yusufu, ogulitsa nsalu, anaimika galimoto yawo. "Malo atsala a munthu mmodzi," anatero.

"Tengani mwanayu," anayankha ababa. "Ine kukonza galimoto n'kumene kumandisangalatsa."

Ndinawakhulupirira. Ndinalumphira m'galimotomo osacheuka n'komwe. Pa boti ndinaona mvuu ikuyasamula, ndi nkhwazi ikuwakha nsomba imene woyendetsa anaiponyera.

Pobwerera tinawapeza pomwe paja, malaya oyera amene anasita okha ali bii ndi oyilo.

"Mvuu ndi yaikulu bwanji, mwanawe?" anandifunsa.

"Ndatopa, ababa," ndinatero, n'kugona.

Anamwalira asanaione nyanja. Funso lija sanalibwerezenso, ndipo ine, ndi imvi zangazi, yankho lawo ndikadali nalo.