Nyali ya Usipa pa Mbande za Kambuzi

Ndinayamba ndine, sindikana. Mbande zanga za tsabola wa kambuzi ndinazibisa m'nyumba kuopa nkhuku, koma mdima unazichititsa chikasu. Tochi inali yofooka, koloboyi ankangozidetsa ndi utsi. Ndiye ndinasankha nyali ya batire yomwe amalume amakopera usipa, n'kuitenga, m'thumba mwawo n'kuikamo yakufa.

Anabwerako kunyanja m'mawa alibe ngakhale kausipa kamodzi. Anamenya chitseko ndi phazi, n'kupeza nyali yawo ikuwalira tsabola wanga wa m'zitini.

"Galu iwe! Anthu tavutika pamadzi chifukwa cha zitini izi?"

Anazipondaponda, n'kundikwapula ndi chingwe cha ukonde mpaka msana unatupa mizere. Ndinakuwa mokokomeza dala, miyendo itatchinga chitini chimodzi. Mizereyo inatha pa sabata, koma kambuziyo amalume akudyerabe usipa mpaka lero.